Bambo Amene Anachotsa Dzina pa Juzi ya Mwana Wake

Panali munthu wina kuno ku Mbeya, telala wa pamsika wa Mwanjelwa, dzina lake Gwamaka. Amene tinkasoketsa kwa iye timaikumbukira nkhaniyi, ndipo imatopetsa mtima kuifotokoza.

Gwamaka ankakonda mabuku a nkhani zopeka kuposa chakudya. Mkazi wake Tumpale ali woyembekezera, iye anali atatengeka ndi buku lina lonena za mzamba wotchedwa Salvina, mayi wamtima wabwino amene ankayenda mitunda mvula ili pamsana kukathandiza amayi kuchira. Patsamba lomaliza analembapo kuti gawo lachiwiri likubwera. Mwana atabadwa wamkazi, Gwamaka anati dzina ndi Salvina basi. Tumpale anamukumbutsa kuti nkhaniyo sinathe, bwanji angomutchula dzina la agogo ake. Sanamve. Kuyambira tsikulo aliyense ankamuitana Baba Salvina, kutanthauza bambo a Salvina, ndipo analemba dzinalo pachikwangwani cha shopu.

Gawo lachiwirilo linachedwa zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anakulira pambali pa makina, bambo ake akumuwerengera buku loyamba lija, mpaka mtsikanayo ankauza aliyense kuti adzakhala mzamba. Pachifuwa cha juzi yake ya sukulu panali dzina lake, losokedwa ndi bambo akewo ndi ulusi wofiira.

Gawo lachiwiri litatuluka, zinapezeka kuti mzamba uja ankaba makanda n'kumagulitsa, amayi awo n'kuwanamiza kuti ana amwalira. Analiwerenganso pawailesi, tauni yonse n'kumva. Kusukulu anzake a Salvina ankamunyogodola, iye ankangowabwezera n'kupitiriza masewera. Amene zinamulowa m'mafupa ndi bambo. Matelala anzake akamuona ankati, "Baba Salvina, lero mwabwera ndi makanda angati? Tisungireniko wamwamuna."

Tumpale anamukhazika pansi. "Asiyeni aseke, Baba Salvina, atopa okha. Pofika nthawi yokolola adzakhala akuseka wina. Mwana sakudandaula, mukudandaula ndinu."

Apanso sanamve. Kwa masabata atatu makina anali chiimire, iye akuzungulira kusukulu, kutchalitchi ndi m'maofesi, mpaka mwana analembedwa kuti Tusajigwe, dzina la agogo lomwe analikana poyamba lija. Chikwangwani anachifufuta. Buku loyamba analisonkhezera pambaula. Analamula kuti dzina lakale lisamvekenso m'nyumba mwake. Kenako anaitanitsa juzi ija n'kuyamba kusolola ulusi wofiira, chilembo chimodzichimodzi, mwana ali chilili kuyang'ana.

"Baba, ndalakwa chiyani?" anafunsa mwanayo.

"Palibe. Dzinali laipa."

"Ndiye kuti inenso ndaipa?"

Gwamaka anamuuza kuti asiye mafunso, iye akudziwa chimene akuchita.

Sipanathe miyezi itatu, wailesi inayamba nkhani ina ndipo anthu anaiwala za mzamba wakuba ana. Makasitomala ankangomuitanabe Baba Salvina mwachizolowezi, popanda woseka. Koma mwana sanakhalenso pambali pa makina. Akamuitana kuti Tusajigwe ankabwera, kugwada, kumva zomwe akutumidwa, n'kuchoka. Atapita kusekondale yogonera, tchuthi ankathera kwa azakhali ake. Atamaliza maphunziro anapeza ntchito pachipatala china ku Sumbawanga. Foni ankaimbira amayi ake okha, moni wa bambo ankadutsira komweko.

Zaka zinapita. Gwamaka anakalamba, maso anafooka, ulusi unasiya kulowa m'singano. Chimene chinkamupweteka kwambiri si ntchito, koma kuti mwana wake sanakhalepo naye pansi kucheza kuyambira tsiku la juzi lija. Tsiku lina anakwera basi ya Sumbawanga, Tumpale atamupakira nthochi.

Pachipatalapo anafunsa za namwino Tusajigwe. Palibe amene ankamudziwa. Anafunsa wachiwiri, wachitatu, onse kupukusa mutu. Anakhala pabenchi masana onse, dzina linalo lili pamlomo koma akuchita manyazi kulitchula. Pambali pake panali mayi wina akutonthoza khanda, ndipo anamumva akuti, "Tonthola Salvina, tonthola mama." Gwamaka anadzidzimuka. Anamufunsa mayiyo ngati sakudziwa za buku lija.

"Buku lanji, Baba? Ine ndinamutchula dzina la mzamba wathu wa panopo. Pakanapanda iyeyo bwenzi nditaikidwa kale. Kumudzi kwathu kokha a Salvina alipo anayi."

Posakhalitsa mzambayo anatuluka, ndipo anali mwana wake. Pachifuwa cha yunifolomu panali dzina lakale lija ndi ulusi wofiira, zilembo zake zokhotakhota. Anapereka moni mwaulemu, monga amachitira kwa wachikulire aliyense wobwera pachipatala. Gwamaka anasendera pafupi, n'kunena kuti zilembozo zapindika, akanamuuza akanamusokera bwino.

"Ndinadikira zaka zambiri kuti mutero, Baba," anayankha Salvina. "Nditatopa ndinasoka ndekha."

Anamufunsa ngati wadya, anamulozera nyumba yake kuti akapume, n'kubwerera kwa odwala ake. Gwamaka anafuna kumuitana kuti amupatse yunifolomuyo aisokenso. Anakumbukira kuti singano sakuionanso.

Phunziro: Anthu oseka amatopa msanga, koma mwana saiwala tsiku limene kholo lake linachita naye manyazi. Musatchule mwana dzina la m'buku lomwe simunalimalize, ndipo ngati mwatchula kale, musamulande chifukwa cha miseche ya pamsika. Dzina amaliyeretsa ndi mwini wake. Tumizani nkhaniyi kwa makolo anzanu, mwina alipo wina amene wagwira kale juzi m'manja.