Bulu Aphunzitsa Galu Kuyenda

Padangokhala, ndipo amene ali nane anene kuti tili tonse. Panali Bulu wokoka ngolo ya a Chimbalanga, ndi Galu wa pakhomo pomwepo. Galuyo pamsewu sankayenda pambali pa mbuye wake, ankangothamangira kutsogolo n'kumapingasa njinga za anthu. A Chimbalanga anatopa naye, nati akadzateronso amupereka kwa alenje.

Bulu anadziguguda pachifuwa. "Ndisiyireni ine. Kuyenda mwadongosolo ndiye ntchito yanga."

Anatuluka naye kumsewu. "Iwe, phewa lako lizikhala apa, pafupi ndi mwendo wanga wakumbuyo. Osatsogola, osatsalira."

Galu anasendera n'kuima ndendende pomwe anauzidwa. Ubweya wake utangokhudza mwendowo, Bulu anaponya chiboda, phaa! Sanadziwe n'komwe kuti waponya, poti abulu analengedwa choncho. Atacheuka, anaona Galu ali gada m'ngalande.

"Ukutani kumeneko? Ndati apa."

Kachiwiri zinali chimodzimodzi, kachitatunso. Dzuwa linafika paliwombo, mawu a Bulu anasasa ndi kukalipa, koma wophunzira wake ankangotalikiratalikira, mchira uli pakati pa miyendo.

"Agalu a masiku ano simumva," anatero Bulu atapsa mtima. "Ndakusonyeza malo katatu konse. Chovuta n'chiyani?"

Galu analavula dzino. "Malowo ndikuwadziwa, achimwene. Katatu ndafikapo, katatu ndapezapo chiboda chanu."

Bulu anapukusa mutu, nakauza a Chimbalanga kuti Galuyu ndi mbuli yosaphunzitsika. Alenje atabwera m'mawa mwake, Galu anawatsatira akugwedeza mchira, phewa lili pafupi ndi mwendo wawo, osatsogola, osatsalira.