Mboni ya M'nyumba

Mwana anali atangogona pamene mayi wake anatsegula foni n'kupeza kuti Mboni waponyanso gawo lina la nkhani yake pagulu. Anawerenga chiimire, thewera lili paphewa.

Zonse zinalimo. Mbale imene bambo a mwana anaphwanya dzulo, ati ndiwo zachepa mchere. Mawu amene iye anawayankha, osasintha ngakhale limodzi. Ndi kabowo komwe ka pakatani yapabalaza kanalimo.

Gululo linali la pa intaneti, la anthu olemba nkhani. Iye analowamo ali woyembekezera, kuti mutu usamangozungulira pa zakuchipatala. Nkhani zake ankazikonza mosamala monga anaphunzirira kusekondale, koma owerenga ankangozilambalala. Mboni, munthu wopanda chithunzi, ndiye anali ndi chikhamu. Anthu ankakhamukira ku nkhani yake ya “mkazi wolongolola uja”, ena kumuseka mkaziyo, ena kumutukwana. Ndemanga zapansi iye anasiya kalekale kuzitsegula. Zinkamuumitsa mkaka.

Mkazi wolongololayo anali iyeyo. Ndipo m'nyumbamo maso opanda ntchito anali a munthu mmodzi, mlamu wake, mchemwali wa bambo a mwana. Mtsikanayo anabwera kudzathandiza kulera, koma chala sichinkachoka pafoni. Mkangano ukabuka ankakhala phee pakona, mutu uli pansi, akudinadina. Mikanganonso masiku ano inkangobuka popanda mutu wake. Bambo a mwana, amene kale ankachokera kuntchito kwawo kometa anthu ali nthabwala zokhazokha, tsopano akangolowa ankamuputa dala, kenako n'kumamuyang'anitsitsa kumaso ngati dokotala. Iye sanakayike kuti mlamuyo ndi amene akuwathira mawu kuti apeze cholemba.

Anamupeza mlamuyo pampando wake womwewo, miyendo atapinda.

“Alamu, lero akuombereni m'manja angati?”

Mtsikanayo anadzutsa mutu, n'kufunsa kuti m'manja mwa chiyani. Mayiyo anamukankhira foni kumaso. Anamuwerengera za mbale, za mchere, za katani, mawu akutuluka chapansipansi kuti mwana asadzuke, koma akuthwa. Mlamuyo analumbira kuti gulu limenelo sakulidziwa n'komwe, iye pafoni amangosewera gemu yolumikiza timipira. Anamuonetsa timipirato.

“Timipira timadziwa kuti katani yanga yabooka? Mukudya zanga, mukugona panga, kenako mukandivule pagulu? Mwatsala n'kulemba mtundu wa kabudula wanga basi.”

Anamuuza kuti alongedze. Mtsikanayo anapempha kuti adikire achimwene ake abwere kaye, koma mayiyo anangoloza chitseko. Ankadziwa kuti kuyambira mawa adzasamba khutu lili kuchipinda, adzaphika mwana ali kumsana, popanda womupatsira. Bola zimenezo kusiyana ndi kazitape. Mlamuyo analowa kuchipinda, nagwira kaphazi ka mwana pang'ono, n'kutuluka ndi chikwama chake akupukuta misozi ndi chigongono.

Mayiyo anasuzumira pakabowo kaja mpaka mtsikanayo atakhota. Mtima sunatsikebe. Anafuna kuti chikhamu chonsecho chimve kuti Mboni wagwidwa, ndipo nkhani yawo yokomayo yathera pompo. Anakhala pansi, nakonza mawu m'mutu, n'kutsegula ndemanga zija.

Pamwamba penipeni panali ya Mboni mwiniwake, yolembedwa m'mawa. “Mabwana anga owerenga, dzana munasankha mbale, mbale yasweka. Sankhaninso. Madzulo ano mwamunayu alowe bwanji? 1: ndi mphatso yopepesera. 2: ndi lipisitiki pakolala.”

Pansi pake panali 2, 2, 2, mzere wosatha, ndi tinkhope toseka mpaka misozi.

Chitseko chinatseguka. Bambo a mwana analowa foni ili m'manja, pakolala pali chofiira chopakidwa bwinobwino, n'kuima akumuyang'anitsitsa kumaso.