Dothi la M'munda wa Agogo

Basi ya sukulu inali italiza kale hutala, koma ine ndinali ndisanapeze manda a Wasyl Kowalchuk, mchimwene wa agogo anga, amene anafera kunkhondo.

Ndinathamanga mzere ndi mzere m'manda a asilikali a ku Canada, ku Normandy m'dziko la France, kumene tinapita pa ulendo wa sukulu, botolo la jamu likundigunda pantchafu. Munali dothi la m'munda wathu wa tirigu ku Saskatchewan, kwathu ku Canada. Agogo anachita kulikumba okha, nandituma kuti ndikathire pamanda a m'bale wawoyo.

Miyala yonse inali yofanana: yoyera, yokhala ndi tsamba la pambendera yathu.

"Iwe Marnie!" anakuwa Tyrell, mnzanga wa m'kalasi, ali pachipata. "Ukufuna ugone konkuno ndi madalawa? Tikusiya!"

"Aphunzitsi, pang'ono pokha, chonde!"

Aphunzitsi athu, a Desrosiers, anangoloza wotchi yawo n'kupukusa mutu.

Ndinaima ndili wefuwefu. Mwala umene unali patsogolo panga unalibe dzina. Panangolembedwa kuti pagona msilikali wa ku Canada wosadziwika.

Ndinatsegula botolo lija.

"Pepani agogo," ndinanong'ona, ndikukhuthula dothi lonse pamanda a msilikaliyo. "Uyunso ndi wakwathu, ndipo palibe amene adzamubweretsere."