Kandege ka Marten ndi Njati ya Mawanga

Panali munthu wina kwathu kuno ku Toraja, dzina lake Marten Palimbong, wojambula zithunzi ndi makanema pa maliro. Amene anandiuza nkhaniyi analipo tsiku limene zinachitika, ndipo akamaifotokoza misozi imalengezabe m'maso.

Marten anali katswiri, osanama. Mabanja akamaperekeza wakufa wawo pomuphera njati zoweta, monga mwa mwambo wathu, ankachita kumulimbirana. Ndiye atagula kandege kojambulira m'mwamba, kodi akanamvanso za munthu?

Tsiku lina anapita ndi mkazi wake, Ribka, kukalembetsa inshuwalansi. Ku ofesiko anawauza kuti ilipo ya mitundu iwiri: yoteteza zipangizo zake, ndi ina yomulipirira akawononga za eni kapena akavulaza munthu ali pa ntchito.

"Bambo a Lisu, tengani zonse ziwiri," anatero Ribka, pomuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Iwe, ine ndimagwira kamera, osati chikwanje. Ndingavulaze ndani? Ndimujambule munthu mpaka akomoke?"

"Mumagwiratu ntchito pakati pa chikhamu cha anthu ndi ziweto za eni."

"Wayamba liti zolosera? Inayo atenge oyendetsa mabasi."

Analembetsa ya zipangizo yokha, n'kumaseka njira yonse pobwerera.

Pasanapite nthawi, banja la a Sampe linamuitana pa maliro a bambo awo. Ana a malemuwo anali atasonkherana kwa zaka kuti agule njati ya mawanga oyera, ija mtengo wake umaposa wa nyumba. Pa tsiku loonetsa njati, Marten anaulutsa kandege kake. Mkulu wina woweta njatiyo anamukodola.

"Achimwene, kachiwala kanuko kakwezeniko. Nyamayi imadana ndi phokoso."

"Musadandaule madala, ndingoijambula nkhope kamodzi kokha."

Anakatsitsa mpaka pafupi ndi nyanga. Njati inadzidzimuka, inadula chingwe cha pamphuno n'kuliyatsa liwiro. Anthu anabalalika, amayi akukuwa. Inakagwera kumtsetse kuseri kwa bwalo, n'kuthyoka mwendo ndi nyanga imodzi. Nako kandege kanawomba mtengo n'kuphwanyika.

Aliyense amadziwa kuti munthu saperekezedwa ndi njati yolumala.

Akuluakulu anakhala pansi, ndipo sanachedwe kugamula. Marten abweretse njati ina yofanana ndi yovulalayo mwambo usanathe. Marten anaimbira foni a inshuwalansi.

"Kandege tikugulirani kena, bambo," anamuyankha mwaulemu. "Koma za njatizo sizitikhudza. Inshuwalansi imeneyo munaikana nokha."

Makamera ake onse sakanagula ngakhale mchira wa njati yotere. Pabanja pawo chinthu chamtengo chinali chimodzi chokha, munda wa mpunga wa amayi ake, a Indo' Bua. Mayiwo ankausunga kuti tsiku lawo likadzafika, mundawo udzawagulire njati zowaperekeza. Marten anakagwada pakhomo pawo. Nkhani inali itawapeza kale.

"Kagulitse mundawo," anatero mayiwo. "Mwana wanga asamayende atazyolika m'mudzi muno."

"Nanga inu, amayi? Mudzapita ndi chiyani?"

"Iwe, ndakuuza kuti ndikufa mawa? Dzuka apo, ukudetsa buluku."

Mayiwo anaseka kuti amulimbitse mtima, koma Ribka anawaona pambuyo pake ataima pamalire a mundawo, akupukuta maso ndi nsalu.

Munda unapita. Njati ina inabwera, maliro a bambo a Sampe anatha mwaulemu, ndipo kandege katsopano kanafika m'katoni yake bwinobwino. Ribka sananene kuti "ndinakuuzani." Marten ankalakalaka akananena, mwina mtima ukanapepukako.

Dzinja lotsatira, a Indo' Bua anadwala chifuwa n'kutisiya. Kwathu kuno munthu wa msinkhu wawo saikidwa popanda njati. Thupi limakonzedwa n'kugonekedwa m'chipinda, ndipo timangoti akudwala mpaka banja litakonzeka. Zaka zadutsa, Marten sanakonzekebe. Njati zikukwera mtengo chaka ndi chaka, ndipo mabanja ambiri anasiya kumuitana, ati amabweretsa tsoka.

M'mawa uliwonse amalowa m'chipindamo, amaika kapu ya khofi pambali pawo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndapita ku ntchito. Pirirani pang'ono." Akatero amanyamula kamera, kukajambula anzake akuperekeza makolo awo.

Phunziro: Inu ojambula, musamangoteteza kamera yanu yokha. Tetezaninso anthu ndi katundu wa eni amene mumagwira ntchito pakati pawo, chifukwa ngozi ikagwa wolipira amakhala kholo lanu kapena mwana wanu amene sanalakwe kanthu. Ndipo wokukondani akakuchenjezani, musamuseke. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amadyera kamera, aiwerenge zisanamugwere.