Mafuta Pachibwano cha Woliza Chitoliro

Panali munthu wina, ndipo amene anandiuza akuti anaona ndi maso awo, woliza chitoliro m'maukwati ndi m'maphwando. Luso anali nalo, koma ankakondanso kudziyang'ana pagalasi. Maganyu anali atamutopetsa, ndiye atamva kuti hotela ina ikufuna woimba wokhazikika, analembetsa. Anatsala awiri, iye ndi mayi wina wolizanso chitoliro, ndipo anauzidwa kuti adzaimbe Loweruka masana alendo akudya.

Mphunzitsi wake wakale anamuimbira foni. "Mwanawe, chitoliro chimatsamira pachibwano. Tsiku loimba usadzole kanthu pamenepo, ngakhale pang'ono."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero, mawuwo akutulukira khutu linalo.

Loweruka m'mawa analowa kwa wometa wina amene sankamudziwa n'komwe. Wometayo anamupala ndevu zonse, kenako anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola.

"Bwana, kuhotela amayamba aona kaye nkhope, nyimbo pambuyo. Mukadzola awa, ngakhale apongozi akupatsani moni kawiri."

Anamupaka masaya, milomo, chibwano, mpaka khosi. Atafika kunyumba, mkazi wake anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a ana, mukukaimba kapena akukakukazingani?"

"Inu zakuhotela simuzidziwa," iye anayankha, uku akukonza kolala.

Kuhotelako kunkatentha. Mayi uja anayamba ndiye, nkhope ili mbuu, ndipo anthu anaomba m'manja. Kenako inafika nthawi ya mkulu wathu wonyezimira. Mzere woyamba unatuluka bwinobwino. Koma thukuta litakumana ndi mafuta, chitoliro chinayamba kutsetsereka. Iye anachitsatira ndi mlomo, icho n'kutsika, iye n'kuwerama, mpaka anatsala pang'ono kugwada. Nyimbo inatha, kunangotsala mpweya wokhawokha, fuu, fuu. Anapukuta chibwano ndi dzanja, ndipo apa ndiye zinafika poipa, poti zala nazo zinayamba kuterera pamabatani. Pofuna kuchigwira zolimba, chitoliro chinamupulumuka n'kukagwera m'mbale ya supu ya mlendo wina.

Mlendoyo anachivuula, anachipukuta ndi kansalu, n'kumupatsa ndi manja awiri. Ulemu umenewo unamupweteka kuposa kuseka kwa anthu.

Bwana wa hotela anamuitanira pambali. "Achimwene, timafuna woimba, osati wopopa matayala. Pitani bwino."

Ntchito inapita kwa mayi uja. Mnzathuyu anabwerera kumaganyu ake a m'maukwati, ndipo zinamuwawa kwambiri, chifukwa kunena zoona chitoliro ankachidziwa kuposa mayiyo. Pano ndevu zake zafika pachifuwa, ndipo akangoona chikwangwani cha wometa amawolokera mbali ina ya msewu.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu amene anakalambira pa ntchito yako akakuchenjeza, usasinthanitse mawu ake ndi lilime lokoma la munthu wosamudziwa amene sanagwirepo chida chako. Oliza zitoliro, chibwano chizikhala chouma tsiku la ntchito. Tumizirani anzanu uthengawu, makamaka amene akukayesedwa ntchito sabata ino.