Mjigo Wakana Namfedwa

Mjigo wa kwa Chimtengo uli ndi diso la kamera pamwamba pa mpopi, ndipo supereka madzi kwa munthu amene sukumudziwa nkhope. Banja lililonse lili ndi wotunga mmodzi basi.

Atameta maliro a mwamuna wake, Nambewe anapita ndi ndowa, mutu uli mpala, atazolika monga achitira namfedwa. Mjigo unangoti, "Pepani, sindikukudziwani." Kunyumba mtsuko unali wouma gwa, ana akulira ludzu.

Nagama, mnansi wake wapakamwa, anamuyang'ana kanthawi. "Chimjigochi chikudziwani bwanji mutafatsa chonchi, asisi? Chinakuzolowerani mukulalata. Paja malemu ankati ndiwo zanu n'zosakolera mchere, n'chifukwa chake ankadzadya kwathu."

Nambewe anadzutsa mutu, maso ali psuu. "Iwe Nagama, wopanda manyazi iwe! Mwamuna wanga adye zonunkha utsi zakozo?"

Pompo madzi anakhuthuka mpaka ndowa kusefukira, amayi onse pamzerepo n'kufa nalo phwete. Nambewe anasenza ndowa yake misozi ikutsika, nati, "Zikomo, galu iwe. Mawa ulawire, udzandiputenso."