Mipando 1,009

"Mizere ikhale yofanana, pasatsale mpando ngakhale umodzi," anatero ahedi. "Alendo akapeza holo ili chonchi, aphunzitsi, kalata yokukwezani sindisaina."

Mphunzitsi wa masamuyo anawerenga. Mipando inalipo 1,009. Anayesa kugawa ndi 2, ndi 3, ndi 7, mpaka 31, koma inkatsalabe.

"Nambala iyi ndi yamakani, bwana. Imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi."

"Makaniwo muwathetse nokha."

Ahedi atachoka, mlonda wokalamba analowa n'kunyamula mpando umodzi.

"Msanawu, aphunzitsi. Ndaimirira kuyambira m'mawa."

Mphunzitsi anayang'ananso pepala lake. Yatsala 1,008: mizere 28, uliwonse mipando 36.

Ahedi atabwerera anamwetulira. "Mwaona? Sukulu ndi yabwino."

Potuluka, anakalipira mlonda chifukwa chokhala pampando nthawi ya ntchito.